Kajekete ka a Bwibwi

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka lililonse m'mawa, ndinkagwada kuseri kwa tebulo lokutidwa ndi nsalu yakuda mu situdiyo ya wailesi ya kanema ku Lusaka, mkono wanga wamanja uli m'mwamba, utalowa m'chidole. Ana a m'tauni a zaka zimenezo sankadziwa nkhope yanga. Ankadziwa a Bwibwi, kankhalamba ka nsalu kovala magalasi omangidwa ndi ulusi, tepi yoyezera ili m'khosi. Dzina langa ndine Wilfred Ng'uni, kwathu ndi ku Chama, ndipo a Bwibwi ndinawatenga kwa atate anga ondibereka.

Atatewo, amene tinkawatcha adada monga amachitira aliyense kwathu, anali a Hosea Ng'uni, telala. Mudzi wathu uli ku Kambombo, koma makina awo osokera ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa paboma. Amai anamwalira ndili ndi zaka zinayi, choncho ine ndi mlongo wanga wamkulu Lena tinakulira m'mbali mwa makinawo, tikutola mapini ndi zidutswa za nsalu.

Adada anali ndi chibwibwi chachikulu. Liwu likakakamira ankatseka maso, mitsempha ya m'khosi n'kuuma, kenako ankamenya bondo ndi chikhatho, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka liwulo lituluke. Likakana ndithu ankangoti "basi," n'kupalasa makina. Makasitomala ankawamalizira mawu, nthawi zambiri molakwika, ndipo adada ankangovomera ndi mutu kuti nkhani ithe.

Lamlungu ankasanduka munthu wina. Ku tchalitchi kwathu ndiwo ankaphunzitsa ana, ndipo ankaphunzitsa ndi zidole zosoka okha. Anali ndi mneneri Yona wa zidutswa za khaki, ndipo nsomba yomumeza inali mwendo wa buluku lakale. Akabisala kuseri kwa benchi, dzanja n'kulowa mwa Yona, mawu ankangoyenderera. Yona ankakangana ndi Mulungu, kudandaula za fungo la m'mimba mwa nsomba, osakakamira ngakhale pamodzi. Palibe ankadziwa chifukwa chake, ngakhale eni akewo.

Ndiwo anandiphunzitsa ntchitoyi. Potsegula pakamwa pa chidole uzitsitsa chala chachikulu, mutu usamagwedezeke. Chidole chiziyang'ana amene chikulankhula naye. Ukamaliza, ana asachione chitagona pansi ngati chafa, chilowe m'thumba.

Ndili giredi faifi, adada anabwera kusukulu kudzalandira nane mphoto ya masamu. Ahedi anawafunsa dzina pamaso pa sukulu yonse. Dzina lawo lenileni ndi limene linkawavuta koposa. Anatseka maso, anamenya bondo, liwu silinatuluke, ndipo ana a kumbuyo anayamba kuseka chamumtima, kenako poyera. Ine ndinaima pambali pawo ndi buku langa la mphoto, ndikufuna nthaka inditsegukire.

M'mawa mwake sindinadikire kuti anzanga ayambe. Pa nthawi yopuma ndinakwera pachulu, ndinatseka maso, ndinamenya bondo katatu, n'kumaliza ndi "basi." Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Koma manje ankaseka pamodzi ndi ine, osati kundiseka ine. Chinthu chimenecho ndinachisunga mumtima.

Ndinafika ku Lusaka mu 1991, nditamaliza sekondale, ndipo ndinalowa kagulu ka zisudzo ka ku tchalitchi. Chaka chotsatira wailesi ya kanema inalengeza kuti ikufuna munthu wodziwa zidole pa pulogalamu yatsopano ya ana. Tinabwera anthu khumi ndi mmodzi. Ena onse ankagwedeza chidole ngati akukupiza moto. Ine ndinachita zimene adada anandiphunzitsa, ndipo ananditenga.

Woyang'anira pulogalamuyo anali mayi Cheryl Mwape, munthu wachangu, wosuta, wosakonda kubwereza mawu. Miyezi itatu yoyamba ndinali ndi zidole ziwiri, Mbuzi ndi Nkhanga, zimene zinkaphunzitsa ana kuwerenga. Ana amene ankabwera kudzakhala mu situdiyo ankayasamula, ena kumasewera ndi mawaya.

"Wilfred, manja uli nawo," anatero mayi Cheryl tsiku lina. "Koma ana sakuseka. Akapanda kuseka mwezi uno, akuluakulu ayikapo mpira."

Masana omwewo tikudya mabanzi ndi anyamata a makamera, ndinavala sokosi kudzanja mongocheza, n'kuyamba kuyitanitsa tiyi m'mawu a adada. Ndinatseka maso, ndinamenya bondo. Mmodzi wa anyamatawo analavula tiyi. Mayi Cheryl anaima pakhomo, ndudu ili m'manja.

"Bwereza," anatero. Ndinabwereza. "Ameneyo ndi ndani?"

"Mdala wina wa kumudzi kwathu," ndinayankha.

Dzina la a Bwibwi anapereka ndi iwo. Zina zonse ndinapereka ndine: magalasi, tepi, kutseka maso, bondo, ndi "basi" uja. Maseweredwe ake anali osavuta. A Bwibwi ankafuna kutchula liwu, tinene kuti "nthochi," n'kukakamira pa chilembo choyamba. Ana ankakuwa, "Lankhulani a Bwibwi!" kenako ankawamalizira liwulo, ndipo linkaoneka pa kanema litalembedwa. Aphunzitsi ankatiyamikira. Makalata a ana ankabwera m'makatoni. Ndinkati ndikakwera minibasi ndimve kamwana kumbuyo kakumenya bondo katatu, mtima wanga unkakoma.

Mutu ndi thupi la chidolecho ndinasoka ndekha, koma zovala zinandikanika. Apa mpamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandilepheretsa kuyang'ana anthu a kwathu m'maso. Ndinalembera adada kalata. Ndinawauza kuti ndili ndi chidole chatsopano, kankhalamba, ndipo kakufunika jekete. Ndinalemba miyezo yonse. Za mawu ake sindinatchule, dzina lake sindinatchule. Ku Chama nthawi imeneyo sindinkadziwa nyumba ngakhale imodzi imene inkaonera kanema, ndiye ndinadziuza kuti Lusaka ndi kutali.

Patapita milungu isanu phukusi linafika. Munali kajekete kabulauni, kosokedwa ngati ka munthu weniweni: nsalu yofewa m'kati, mabatani atatu ang'onoang'ono, kathumba ka pachifuwa kokwana pensulo yaifupi. Nsaluyo ndinaizindikira pomwepo. Inali yotsala pa jekete yawo ya ku tchalitchi. Adada ankalemba bwino kwambiri, zilembo zoima ngati asilikali, ndipo m'kalata yawo anati: "Mwana wanga, ndasangalala kuti ntchito ya manja athu yafika pa kanema. Mapewa ndawonjezera pang'ono kuti mkono wako usathinidwe."

A Bwibwi anavala kajeketeko zaka zonse.

Mu Ogasiti 1996 anthu a zaumoyo anatipempha kuti tiyende m'maboma a kum'mawa, tikasewere pamaso pa anthu, tikalimbikitse amai kupititsa ana ku katemera, komanso tikajambule. Mayi Cheryl anawerenga mndandanda: Petauke, Katete, Lundazi, Chama.

"Msewu wa ku Chama ndi woipa kwambiri," ndinatero. "Makamera awonongeka."

"N'chifukwa chake tikupita chilimwe."

"Nanga bwanji kumeneko tingotenga Mbuzi ndi Nkhanga? Ana a kumudzi a Bwibwi sawadziwa."

"Akawadziwa. A zaumoyo atchula a Bwibwi m'kalata yawo, sanatchule mbuzi. Iwe si kwanu kumeneko? Ndimayesa uvina."

Pamenepo ndikanawauza. Tinali awiri okha mu ofesi, ndipo sanali munthu wouma mtima. Ndinangoti, "Ndine wokondwa," n'kutuluka.

Tinafika ku Chama Lachinayi masana, fumbi lili mpaka m'makutu. Adada anali pakhonde lawo lomwe lija. Atandiona anaimirira, nsalu ya kasitomala n'kugwa pansi. Tsitsi lawo linali litayera. Anandigwira mikono yonse iwiri, ndipo dzina langa linawatengera nthawi. Anali atandisokera shati yoyera. Msika wonse unali utamva kale kuti mwana wa a Ng'uni, wa pa kanema, akubwera, ndipo amai ogulitsa mpunga ndi nsomba zouma ankabwera mmodzimmodzi kudzandipatsa moni.

Lena panthawiyo anali mphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale pabomapo. Madzulo, dzuwa lisanalowe, anandiitana kuti ndimuperekeze kumpopi.

"Ana a aphunzitsi anzanga, aja anachokera ku Kitwe ndi ku Ndola, sakukhazikika," anatero. "Akuti a Bwibwi akubwera. A Bwibwi ndi ndani, Wili?"

"Ndi chidole chabe. Kankhalamba kaja adada anasokera jekete."

"Dzina limenelo bwanji?"

"Sindinapereke ndine."

Anatula ndowa pansi n'kundiyang'ana. Lena anandilera, ankadziwa nkhope yanga ndikamanama.

"Ngati ndi zimene ndikuganiza," anatero, "mawa usachitulutse m'thumba."

Ndinamulonjeza kuti palibe choipa chichitike. Ndinali ndi nzeru yanga: a Bwibwi atuluke, koma alankhule bwinobwino, osakakamira. Ndani angadandaule?

M'mawa mwake bwalo la mpira la pasukulu linadzaza. Ana a mayunifolomu anakhala pansi kutsogolo, amai obereka makanda kumbuyo kwawo, amuna ataima ndi njinga zawo m'mphepete. Ena anayenda kuchokera ku Kambombo. Anayika mipando khumi ya alendo olemekezeka: a ku boma, a kuchipatala, ahedi. Mayi Cheryl atamva kuti atate anga alipo, anawagwira dzanja n'kuwakhazika pampando wapakati. Adada anali atavala jekete yawo ya ku tchalitchi, chipewa chili pabondo.

Ine ndinagwada kuseri kwa nsalu yakuda imene tinamanga pa mitengo iwiri. Pansaluyo panali kabowo koonerapo anthu. Ndinayamba ndi Mbuzi ndi Nkhanga. Anthu anaonerera mwachidwi, anaseka pang'ono Mbuzi itathawa jakisoni. Kenako namwino amene ankatsogolera mwambowo anafuula, "Manje tilandire a Bwibwi!"

Ndinakweza mkono. Ana a m'tauni aja, mwina makumi awiri, anakuwa n'kuimirira. A Bwibwi anawerama, anakonza magalasi, nati momveka bwino, "Muli bwanji ana anga? Lero ndabwera kudzakuuzani za katemera."

Chete. Ndinapitiriza, mawu osalala ngati wowerenga nkhani. Kamtsikana kena kutsogolo kanatembenukira mnzake.

"Si a Bwibwi awa," kanatero mokweza.

"Ndi abodza!" anatero wina.

Anthu akumbuyo anayamba kucheza zawo. Khanda linalira. Pakabowo ndinaona mayi Cheryl ali pambali pa kamera, akundilozera ndi manja onse awiri. Kenako anazungulira mowerama n'kufika kuseri kwa nsaluyo.

"Ukuchita chiyani iwe? Tepi ikutha! Chita zija!"

Sanandiopseze. Sananene za ntchito yanga. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa kwa zaka zingapo ndinkauza anthu kuti anandikakamiza. Chimene chinandigonjetsa chinali phokoso la anthu amene asiya kundimvera, kwathu komwe, nditavala shati yatsopano. Sindinathe kulipirira ngakhale mphindi ziwiri.

A Bwibwi anatsegula pakamwa. "Ka... ka... ka..." Anaweramitsa mutu ngati atseka maso. Ndi dzanja lamanzere ndinakoka kandodo ka mkono wawo, ndipo anamenya bondo, kamodzi, kawiri, katatu.

"Lankhulani a Bwibwi!" anakuwa ana a m'tauni. "Katemera!"

Bwalo lonse linaphulika ndi chiseko. Ndinachitanso pa liwu lachiwiri, ndi lachitatu, ndipo nditafika pa "basi" uja, mayi wina wa kumsika anafuula kumbuyo, mawu ake akuthwa ngati wenzulo:

"Amama ine! Awa ndi a Ng'uni! A telala! Onani ndi jekete yomwe!"

Mitu yonse inatembenuka. Adada anali pampando wapakati, pakati pa akuluakulu a boma, atavala nsalu yomweyo imene chidole chinavala. Chiseko chinasintha. Chinachoka kwa ine n'kupita kwa iwo. Ana anaimirira kuti awaone bwino. Anyamata a njinga anayamba kumenya maondo awo. Mkulu wina wa kuchipatala, munthu wachilendo amene sankadziwa kanthu, anawagwira paphewa akuseka, ngati akuwayamikira.

Pakabowo ndinkaona nkhope yawo yonse. Poyamba anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene sanamvetse koma safuna kutsalira. Kenako anayang'ana chidolecho, anayang'ana mkono wa jekete yawo, ndipo kumwetulirako kunakhalabe pamalo pake ngati kwaiwalika. Anagwira chipewa ndi manja onse awiri. Sanachoke. Ndipo ine sindinasiye. Panatsala mawu anayi pa pepala, ndipo ndinawamaliza onse anayi, lililonse ndi bondo lake. Potsiriza anthu anaomba m'manja, ndipo adada anaombanso.

Lena anandipeza kuseri kwa nsalu ndikulowetsa a Bwibwi m'thumba. Sanakuwe. Anayang'ana shati yanga yonyowa ndi thukuta.

"Zaka zingati?" anafunsa.

"Zinayi."

"Loweruka lililonse?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndipo unawauza kuti akusokere jekete." Anapukusa mutu. "Iwe mawa ukwera galimoto. Iwo Lolemba akhala pakhonde paja."

Mayi Cheryl anabwera Lena atangochoka. Nkhope yawo inali itagwa. "Mdala wina wa kumudzi," anatero. "Ndi mmene unandiuzira. Ine ndi manja angawa ndawakhazika kutsogolo." Anaponda ndudu yawo n'kupita kukathandiza kumanga zingwe.

Ndinazungulira paboma mpaka dzuwa litapendeka, thumba lili paphewa. Pomaliza ndinapita kukhonde. Adada anali atavula jekete, ataikoleka pamsomali, akupinda m'munsi mwa siketi ya yunifolomu. Ndinakhala pabenchi ya makasitomala. Makina analira kwa nthawi ndithu. Kenako anaima, ndipo adada anatambasula dzanja kuloza thumba.

Ndinawapatsa. Anatulutsa a Bwibwi mosamala, anawatembenuza uku ndi uku, anayang'ana msoko wa m'khosi umene ndinasoka ine, n'kugwedeza mutu pang'ono ngati akuti si woipa. Batani limodzi la kajekete linali litalendewera. Anasankha ulusi wabulauni, analowetsa mu singano, n'kulimanga. Ndinkayembekeza kuti alowetsa dzanja m'chidolecho kuti andiuze zonse mosakakamira. Sanatero. Anachigoneka pamiyendo n'kulankhula ndi pakamwa pawo, ndipo zimene ndilembe m'mizere yochepa zinawatengera nthawi yaitali.

"Wili. Bondo ili sindimenya kuti anthu aseke. Ndimamenya kuti mawu atuluke. Zimapweteka apa." Analoza pakhosi.

"Adada, ine..."

Anakweza dzanja. Anali asanamalize.

"Amaonera ana angati?"

"Ambiri, adada. Masauzande."

"Achibwibwi mwa iwo ndi angati?"

Pa zaka zinayi zonsezo ndinkaopa tsiku limene adada adzadziwe, koma za ana amenewo sindinaganizepo ngakhale kamodzi.

"Lolemba amapita kusukulu," anatero adada. Anafuna kuwonjezera china, anatseka maso, dzanja linanyamuka kuti limenye bondo, koma analigwira m'malere n'kulibweza. Analiyika pansi pa ntchafu. Liwulo silinatuluke. Anabwezera a Bwibwi m'thumba, anamanga chingwe, n'kundipatsa.

M'mawa mwake anabwera kudzatitsazika pagalimoto, atanyamula kathumba ka mpunga wa ku Chama koti ndipatse mayi Cheryl. Galimoto isananyamuke ndinamva tiana tiwiri kuseri kwa sitolo tikukuwa, "Lankhulani a Bwibwi!"

Ndikanakonda kulemba kuti nditafika ku Lusaka ndinatentha chidolecho. M'galimoto ndinalumbira kuti nditero. Mayi Cheryl anandifunsa okha ngati ndikufuna kuti zimene tinajambula ku Chama zisaulutsidwe. Ndinati achotse malo amene nkhope ya adada ikuoneka, zina zonse zipite. Anandiyang'ana, n'kulemba pakapepala. Loweruka lotsatira ndinagwadanso kuseri kwa tebulo. Ndinadziuza kuti ndichepetsa pang'onopang'ono, ndipo kwa milungu iwiri ndinachotsa bondo. Ana anafunsa, ndipo ndinalibweza. Ndinali nditakwatira, anthu ankandiitana kumaphwando a ana a mabwana, ndipo popanda a Bwibwi sindinkadziwa kuti ndine ndani mumzinda umenewo.

Lena anandilembera kalata imodzi yokha, mu Disembala. Anati ana a sukulu ankadutsira dala pakhonde paja pobwerera kwawo, akumenya maondo. Anati ngakhale akuluakulu, pobweretsa nsalu, ankati, "Tapita kwa a Bwibwi." Adada sanakalipire aliyense. Mvula itayamba anamanga makina awo pangolo n'kubwerera ku Kambombo, kumene ntchito yosoka inali yochepa, zigamba basi. Ku tchalitchi anapempha kuti ana aziphunzitsidwa ndi wina. Kalatayo sindinayankhe. Adada ankandilemberabe miyezi iwiri iliyonse, za mvula, za njovu zimene zinalowa m'munda wa oyandikana nawo, za chopalasira cha njinga chimene chinathyoka. Za chidole sanatchulepo.

A Bwibwi anatha mu 1998, ndipo sindinawathetse ndine. Kunabwera akuluakulu atsopano amene anagula makatuni akunja, pulogalamu yathu n'kuchotsedwa. Anatiuza Lachitatu, ndipo Lachisanu ndinatuluka pageti ndi thumba langa. Mayi Cheryl anandipezera ntchito yowerenga zidziwitso pa wailesi, imene ndikugwirabe.

Mu Disembala chaka chimenecho ndinapita kwathu. Galimoto inanditula paboma, ndipo ulendo wotsalawo ndinayenda pansi, matope akugwira nsapato. Adada ndinawapeza kumunda, akubzala chimanga mobwereza m'mapando amene mbewa zinafukula. Anali ataonda. Ndinawapatsa moni, anandiyankha, ndipo ndinagwada pomwepo pakati pa mizere, buluku langa la m'tauni likumira.

"Adada, ndinakulakwirani. Ndinayamba kalekale, ndili giredi faifi. Ndipo mutandiuza pakhonde paja sindinasiye. Ndinapitiriza zaka zina ziwiri. Pulogalamu achita kuitseka ena."

Anatsamira khasu. "Ndikudziwa," anatero. "Mwana wa a Zimba amagwira ntchito ku Kabwe. Ankandiuza."

"Ndiye bwanji munkandilemberabe?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Ndikanalembera ndani?" Kenako anati, "Ndamva. Dzuka. Mbewu zili m'chitini."

Tinabzala mpaka masana, iwo akukumba, ine ndikuponya njere ziwiriziwiri n'kufotsera ndi phazi. Ndinakhala kumeneko milungu iwiri. Tinakonza denga la khitchini, tinapita limodzi kumaliro a m'mudzi woyandikana nawo, kumene anthu anandipatsa moni mwaulemu n'kumayang'ana kumbali. Nkhaniyo sitinaikambenso.

Lena anabwera pa Khirisimasi ndi ana ake awiri. Anandiphikira, anandichapira, koma ankalankhula nane zofunika zokha. Tsiku lobwerera ndiye anandiperekeza mpaka paboma, iye akukankha njinga imene inanyamula chikwama changa. Tili pafupi kufika ndinamufunsa ngati iyenso angandikhululukire.

"Adada akukhululukira chifukwa ndi adada," anatero. "Ine ndili ndi mwana m'kalasi mwanga, Purity, wa giredi filii, nayenso wachibwibwi. Chiyambire tsiku lija sanakwezepo dzanja. Amadziwa mayankho onse, amandilembera pakapepala." Anaimitsa njinga n'kuyamba kumasula chikwama. "Ndiye ine ndikali kuganiza."

Lole ya ku Lundazi inali itadzaza kale ndi matumba a mpunga. Lena anandithandiza kukweza chikwama, anauza kondakitala kuti asandikhazike pafupi ndi migolo ya dizilo chifukwa ndimasanza, ndipo anakwera njinga yake n'kubwerera injini isanalire.